Fayilo ya maimelo ya ku maakaunti: pomwe tafika

Lolemba

Ndikulemba izi kuti amene adzagwire kompyutayi ine kulibe asadzayambirenso kufufuza. Ndi desktop ija ya mu ofesi ya maakaunti pano pa Dedza boma, Windows 10, Outlook 2016. Akaunti ya imelo anaiyika kalekale ngati POP3, ndiye imelo ikangofika imatsika kuchoka pa seva n'kudzakhala mu kompyutamo, pa seva imangotsala masiku 14 kenako imachoka. Ndiye kuti chilichonse chomwe bungweli lalemberana ndi magulu a alimi a kachewere ku Bembeke, ku Lobi, ku Mayani, ogula a ku Lilongwe, a banki, ma donor, kuyambira 2013 mpaka sabata yatha, chili mu fayilo imodzi ya PST, fayilo yomwe Outlook imasungiramo maimelo mu kompyuta. Imodzi basi. Bakapu palibe.

Fayiloyo ili pa 47.6 GB. Nambala imeneyi ikangooneka munthu umadziwiratu nkhani yake, chifukwa kuyambira Outlook 2010 malire a PST ndi 50 GB koma ikafika pa 47.5 GB imasiya kulola kuti muwonjezere kanthu. Pa Outlook 2003 ndi 2007 malire anali 20 GB, ndipo zakale kwambiri zija za 97 mpaka 2002 zimathera pa 2 GB. Mayi a ku maakaunti akuti kwa masabata angapo Send/Receive imatulutsa 0x8004060C, iwo amangodina Close n'kumawerenga maimelo pa foni. Kenako Lachisanu magetsi anathima Outlook ili yotsegula, UPS, kabokosi kogwirizira kompyuta magetsi akathima, batire yake inatha mphamvu kalekale imangolira kamodzi n'kuzima, ndiye atabwera magetsi Outlook inakana kutseguka, ikuti mu fayilomo mwapezeka ma error, tsekani zonse mugwiritse Inbox Repair Tool.

Ndiye mavuto ndi awiri osiyana ndipo ndikufuna asasokonezedwe. Fayilo yadzadza, komanso fayilo yawonongeka mkati. Kukonza kuwonongekako sikuchepetsa kukula, ndipo mukangokonza n'kuisiya momwemo ikhalanso pompano mwezi usanathe.

Lero sindinakonze kalikonse. Ndangoona thanzi la hard disk ndi CrystalDiskInfo, yalemba Good, bola, chifukwa ikanakhala disk yomwe ikufa nkhani ikanakhala ina. Kenako ndakopera PST yonse pa external hard disk ya 1 TB, NTFS. Mayi anafunsa kuti "Achimwene, tsiku lonse mungokopera? Maodita akubweratu mwezi wa mawa." Ndinawauza kuti Mayi, scanpst, Inbox Repair Tool ija yokonzera fayiloyi, ikapeza zinthu zomwe sikuzimvetsa imatha kuzitaya, ndiye ngati ingataye ma invoice a 2021 ndikufuna pakhale pobwerera. Anangoti chabwino koma nkhope siinavomere.

Kukopera kutatha ndapanga Get-FileHash pa fayilo ya mu kompyuta ndi ya pa external, manambala otsimikizira a SHA256 afanana, ndiye kuti kopi yatuluka ndendende. External ndaichotsa, ili mu kabati ya adayirekita, ndalembapo ndi maka kuti OSAGWIRA.

Lachiwiri

Scanpst.exe ili mu C:\Program Files (x86)\Microsoft Office\root\Office16 pa makina amenewa, pa ena imakhala mu Program Files ya wamba, zimatengera Office yake ndi ya 32 kapena 64 bit. Musavutike kuifufuza pa Start, siimaoneka.

Chinthu chomwe anthu ambiri amagwa nacho ndi malo. Scanpst isanakonze imapanga kopi yakeyake ya .bak, yaikulu ngati fayilo yomweyo, ndiye pa C pamafunika 48 GB ina yopanda kanthu. Panali 31 GB. Ndapeza mu Downloads muli makanema a ukwati wa winawake ndi ma installer akalekale, ndafunsa kaye eni ake, tasamutsira kwina, malo apezeka.

Komabe sindinayendetse pa desktop. Ndi magetsi a masiku ano kuyendetsa repair ya maola ambiri pa makina opanda batire n'kufuna kuononga kachiwiri, ndiye ndatenga kopi ina n'kuika pa laputopu ya ofesi yomwe ili ndi SSD ndipo batire yake imasunga, n'kuilumikizanso ku inveta ya ku chipinda cha misonkhano. Sleep ndazimitsa, antivirus ndaiuza isagwire foda imeneyo panopa.

Scanpst imadutsa magawo 8. Pa fayilo yaing'ono mphindi ziwiri zatha, koma iyi inafika pena pake n'kulemba Not Responding pamwamba, windo yayera mbee. Apa ndi pomwe anthu amadina End Task. Osadina. Tsegulani Task Manager muone pa Disk, ngati manambala akusuntha ndiye kuti ikugwira ntchito, yangosowa mpata wokuyankhani. Ndinaiyamba cha m'ma 9 m'mawa, pomwe timaweruka inali itangomaliza kusanthula n'kunena kuti yapeza ma error, ndadina Repair n'kuisiya usiku wonse. Alonda ndawapempha kuti Bambo, chipinda chimenechi musazimitse soketi ya pakhoma ngakhale muone kagetsi kakuyaka.

Lachitatu

Repair complete. Ndaiyendetsanso, yapezabe zina zochepa, ndabwereza mpaka yanena kuti kwangotsala tizinthu tating'ono tosafunika kukonza. Ulendo uliwonse imalemba .log pafupi ndi PST, ndasunga onse mu foda ya "ntchito ya PST".

Kutsegula mu Outlook ya pa laputopu, pa profile yopanda akaunti ya imelo (dala, kuti isayambe kutsitsa za pa seva n'kuonjezera mu fayilo yodzadza kale), Inbox ilipo, Sent Items ilipo, mafoda a Mayi onse alipo, ndipo pabwera foda yatsopano ya Lost and Found. M'menemo ndi momwe scanpst imaponya maimelo omwe yawapeza koma sikudziwa kuti kwawo kunali kuti. Ambiri ndi a sabata yomwe magetsi anathimayo, kuphatikizapo kafoda kena kopanda dzina lenileni komwe Mayi atangoona mitu yake anati aaa iyi ndi ya "Transport Lizulu", ya magalimoto onyamula mbatata. Tabwezera.

Tinakhala limodzi masana onse ndi fayilo ya mapepala, iwo akutchula invoice ine ndikuifufuza, chaka chilichonse tingapo. Zonse zomwe anatchula zapezeka kupatula maimelo awiri a Lachisanu lomwelo omwe mutu ulipo koma attachment sikutseguka. Amenewo akadali pa seva chifukwa masiku 14 sanakwane, ndawatsitsa kudzera pa webmail.

Lachinayi

Tsopano nkhani yeniyeni, n'chiyani chadzadza 47 GB. Anthu amaganiza kuti ndi kuchuluka kwa maimelo. Ayi ndithu, imelo ya mawu okhaokha ndi ma KB ochepa, mungalembe moyo wanu wonse osafika 2 GB. Ndapanga Search Folder ya Large Mail, ndaika 5000 KB kupita m'mwamba, n'kusanja ndi Size. Zomwe zatuluka ndi zomwe ndimayembekezera.

Sikana ya mu ofesi muno inaikidwa pa 600 dpi, colour. Ndiye pepala la mndandanda wa alimi omwe asainira mbewu, lolembedwa ndi bolopeni ya buluu, masamba 12, likutuluka PDF ya 18 MB. Mtsikana wa pa reception amasikana n'kutumiza kwa Mayi, Mayi amatumiza kwa adayirekita, adayirekita amabweza ndi mawu amodzi oti "noted" pa Forward m'malo mwa Reply ndiye PDF ija yabweranso, Mayi atumiza kwa donor, donor akuti sitinalandire, atumizanso. Pepala limodzi lomwelo ndinaliwerenga ka 6 mu fayilo imodzi. Ndipo attachment ikamayenda pa imelo imakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu chifukwa cha momwe imakulungidwira paulendo, n'chifukwa chake fayilo ya 19 MB imakanidwa pomwe malire a imelo yonse ndi 25 MB, anthu n'kumadabwa n'kumatumiza kambirimbiri, ndipo zoyesa zina zimatsala mu Sent Items.

Kenako zithunzi za ku munda. Alangizi akapita ku field day amajambula ndi foni, zithunzi 30, chilichonse 4 MB, mbatata yomweyomweyo mbali zosiyana, n'kutumiza maimelo asanu otsatizana. Palibe amene anazitsegulanso chitumizireni.

Ndipo Deleted Items yokha ili ndi 9 GB. Apa ndinatsala pang'ono kuseka koma Mayi anandigwira mkono kuti "Musakhudze mmenemo achimwene, ndimasungamo zomwe ndamaliza kugwira." Eti imelo akaigwira ntchito amadina Delete kuti ichoke pamaso, akaifuna amakaitenga ku Deleted Items. Si iwo okha, ndaziona m'maofesi ambiri, ndipo ndi chifukwa chake sindidina Empty Folder pa kompyuta ya munthu ndisanafunse. Tagwirizana kuti tipange foda yotchedwa "Zomalizidwa", zonse za mmenemo zipite uko, Deleted Items ibwerere pa ntchito yake.

Chinanso, 2019 yonse ili kawirikawiri pa miyezi ina. Zikuoneka kuti nthawi ina profile inapangidwanso pomwe pa seva panali maimelo ambiri, POP3 inatsitsanso zonse ngati zatsopano. Zimachitika.

Adayirekita anadutsa n'kunena kuti mwana wawo wawerenga pa intaneti kuti malire aja amatheka kukweza. Zoona, amatheka. Mu registry, momwe Windows imasungiramo ma settings ake, HKEY_CURRENT_USER\Software\Microsoft\Office\16.0\Outlook\PST, mumapanga MaxLargeFileSize ndi WarnLargeFileSize, manambala ake mu MB, za masiku onse ndi 51200 ndi 48640. Ndakweza pa laputopu pokha, kwa kanthawi, kuti fayilo ipeze popumira ndikamasuntha zinthu, chifukwa ikakhala pa malire ngakhale kusuntha imelo kupita foda ina imakana. Koma pa desktop sindikweza. Ndawauza kuti Bwana, fayilo ya 80 GB pa hard disk yozungulira, magetsi ake awawa, ikadzawonongeka tidzakhala masiku tikudikira scanpst, ndipo kukopera bakapu kokha kudzatenga theka la tsiku ndiye palibe adzakopere. Thumba la mbatata likayamba kung'ambika sumasokerera chigamba kuti mulowe zambiri, umagawa m'matumba ena. Anagwedeza mutu n'kupita.

Lachisanu

Kugawa. Ine ndimafuna chaka ndi chaka, January mpaka December, zosavuta. Mayi akana, akuti maodita safunsa choncho, amafunsa chaka cha zachuma, ndipo bungweli limatsatira cha boma. Ndiye pali kakhona pamenepa, chifukwa chaka cha boma chinkayamba July kutha June, kenako chinasintha kukhala April mpaka March kuyambira 2022, ndiye 2021/22 ndi chaka chachifupi cha miyezi 9, July 2021 mpaka March 2022. Ali ndi mfundo, ogwiritsa ntchito ndi iwo, tatsatira zawo. Maina a mafayilo ndi maakaunti_2013-14.pst, maakaunti_2014-15.pst choncho mpaka kumapeto.

Njira yake: File, Info, Tools, Clean Up Old Items, kusankha pamwamba penipeni pa fayilo kuti itenge mafoda onse, kuika deti, kuloza ku PST yatsopano. Mumayambira chaka chakale kwambiri n'kumabwera kutsogolo, chifukwa imatenga zonse zakale kuposa deti lomwe mwaika.

Poyamba yasuntha maimelo ochepa kwambiri, osakwana n'komwe kota ya zomwe ndimaona ndi maso kuti ndi za 2013. Chifukwa chake Outlook posankha zakale simangoona tsiku lomwe imelo inafika, imaonanso tsiku lomwe inasinthidwa komaliza, ndiye imelo ya 2013 yomwe inasunthidwa foda kapena kulowetsedwa ndi import chaka chatha imaoneka ngati yatsopano. Mankhwala ake ndi registry yomweyo, pansi pa Outlook\Preferences, DWORD yotchedwa ArchiveIgnoreLastModifiedTime, kuika 1, kutseka Outlook n'kutsegulanso. Itatero yayamba kusuntha bwinobwino.

Ikuchedwa koma ikuyenda. Kuzizira kwa Dedza mu June uno ndiye kwathandizako, laputopu yagwira tsiku lonse fani osalira n'komwe, ine ndi amene zala zimakanika kudina mouse.

Loweruka

Ndabwera theka la tsiku kudzangosintha madeti n'kuyambitsa chaka chotsatira. Zafika 2018-19.

Lolemba

Zaka zonse zatuluka. Zoyambirira ndi zazing'ono, 2013-14 siikukwana ndi 1 GB yomwe, koma kuyambira pomwe sikana inagulidwa zikudumpha, 2022-23 yokha ili pa 8 GB ndi kanthu. Zobwereza za 2019 ndazichotsa popanga PST ina yopanda kanthu n'kuchita import ndi "Do not import duplicates", yachotsa zambiri koma osati zonse, zotsalazo ndasanja ndi Subject ndi Received n'kuchotsa pamanja ndi Shift+Delete. Ntchito yotopetsa, palibe chonena.

Mayi atabwera anayang'ana fayilo yaikulu ija mu File Explorer n'kupeza ikadali 47 GB. "Ndiye sabata yonse mwachita chiyani?" Funso labwino. PST mukachotsamo zinthu siichepa yokha nthawi yomweyo, malo aja amangokhala opanda kanthu mkati kudikira maimelo atsopano. Kuti ifinyike mumapita ku Account Settings, Data Files, Settings, Compact Now. Koma pa fayilo ya msinkhu umenewu yomwenso yangochoka kukonzedwa, Compact ikhoza kutenga usiku ndi usana, ndipo ine fayilo yomwe inawonongekapo sindiikhulupiriranso kuti izikhala ya tsiku ndi tsiku. Ndiye sindinaifinye. Ndapanga PST yatsopano, ndakopera chaka chino chokha ndi Contacts ndi Calendar, yatuluka 3.1 GB. Yakaleyo ipume.

Pobwezera pa desktop ndasamala nkhani ya POP3 ija kuti isatsitsenso kawiri. Profile ndasiya yomweyo, ndangosintha pa Change Folder kuti maimelo atsopano azifikira mu PST yatsopano, ndaikanso kuti ikhale default. Ma Rules a Mayi anali akulozabe mafoda a fayilo yakale, ndawakonza limodzi limodzi. Send/Receive yadutsa popanda error, maimelo omwe anaunjikana pa seva atsika onse.

Search siikupeza kanthu panopa, ndayambitsa Rebuild pa Indexing Options, ndawauza asazimitse kompyuta pa lunch.

Lachiwiri

Adayirekita amafuna mafayilo a zaka aja akhale pa kompyuta ya pa reception yomwe timagawanirapo mafoda, kuti aliyense azitsegula pa netiweki. Ndakana. PST siinapangidwire kutsegulidwa kudzera pa netiweki, eni ake a Microsoft amanena okha kuti njira imeneyo saiikira kumbuyo, waya ukangogwedezeka kapena switch kuzima pakati polemba ndiye tabwerera ku scanpst. Komanso anthu awiri sangatsegule PST imodzi nthawi imodzi. Chimodzimodzi kuiika mu foda ya OneDrive kapena Google Drive ikugwiritsidwa ntchito, Outlook imaigwira fayiloyo nthawi zonse ndipo kungoitsegula kokha imasintha, ndiye sync izingoyambiranso kukweza ma GB, bandulo ya mwezi kutha masiku awiri.

Ndiye zakhala chonchi. Pa desktop, mu D:\Maimelo, muli ya chaka chino ndi zaka ziwiri zapitazo zotsegulidwa mu Outlook. Zina zonse zili momwemo koma zotseka, akazifuna ndi File, Open & Export, Open Outlook Data File, akamaliza right click n'kudina Close. Mayi ndawayesetsa okha kangapo ine manja ali m'thumba, akutha, ndipo alemba masitepe ake m'kope lawo lija la chikuto chofiira.

Anabweretsa flash yawo ya 32 GB kuti akopere za zaka zomwe maodita akufuna. Zina zalowa, ya 8 GB ija yakana, ikuti file is too large for the destination file system pomwe malo alipo ambirimbiri. Flash yake format ndi ya FAT32, siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Tachotsa kaye zinthu zawo, format kukhala exFAT, yalowa. Koma ndawauza kuti flash imeneyi isamagone m'chikwama chopita nacho kunyumba pa minibasi, muli malipiro a anthu ndi manambala a maakaunti a ku banki a alimi. Password ya pa PST musaidalire, siibisa zamkati, timapulogalamu toichotsa tili mbwee. Windows yake ndi Pro ndiye ndaika BitLocker To Go, yomwe imabisadi zamkati, pa flash ndi pa external, recovery key yasindikizidwa ili mu sefa.

Sikana ndatsitsa pa 200 dpi, grayscale. Mndandanda womwe uja wa masamba 12 tasikananso kuyesa, watuluka pansi pa 2 MB, masiginecha ndi zidindo za chala zikuoneka bwinobwino. Colour ndasiya ngati batani lachiwiri la zikalata za chidindo zomwe a MRA kapena a banki angafune kuziona mtundu. Alangizi ndawalembera pa gulu la WhatsApp kuti zithunzi za ku munda azibwera nazo pa kebulo tiziika mu foda ya zithunzi, pa imelo zitatu zokha za mu lipoti. Mmodzi wayankha ndi chala cha m'mwamba, ena aona koma zii.

Lachinayi

Search yayamba kugwira. Outlook ikutseguka m'masekondi, kale akuti amaidina n'kupita kukatenga tiyi.

Ndalemba ka batch file ka robocopy, pulogalamu yokopera ya mu Windows, kokopera D:\Maimelo kupita pa external, kali pa desktop ndi dzina loti "BAKAPU LACHISANU". Kamayamba kaona ngati Outlook ili yotsegula, ngati ili yotsegula kamakana n'kuwauza atseke kaye, chifukwa kukopera PST ikugwiritsidwa ntchito kumakanika kapena kumakupatsani kopi yosadalirika. Zaka zakale zotseka sizisintha ndiye robocopy imazidumpha, imangotenga zomwe zasintha, mphindi zochepa zatha.

Mu store mwapezeka tower yakalekale ya Windows XP yomwe akuti inali ya akauntanti woyamba. Ndachotsa hard disk, ndi ya IDE, adaputa ndabwereka kwa mnzanga wokonza makompyuta pafupi ndi depoti. Muli archive.pst ya 1.9 GB, pa Settings ikulemba Outlook Data File (97-2002), ndiye kuti ndi ya mtundu wakale uja wa malire a 2 GB, wotchedwa ANSI, ndipo inaima pakhomo penipeni. Ndakopera kaye, sindinaitsegule mokwanira. Ikatseguka bwino ndingopanga PST yatsopano ya mtundu wa masiku ano, Unicode, n'kusamutsira zonse, chifukwa palibe batani losinthira fayilo ya ANSI pompo. Adayirekita akuti mwina muli makalata a malo a nyumba yosungiramo mbewu ku Bembeke omwe akhala akuwafuna, ndiye iyi ndiyamba nayo Lolemba.

Zotsala: batire ya UPS, quotation ndapereka ili pa tebulo la adayirekita sinasainidwe, ndipo mpaka isainidwe ndawapempha Mayi azitseka Outlook akamatuluka mu ofesi ngakhale kwa mphindi khumi. External yachiwiri yoti izikhala kunja kwa ofesi, sinagulidwe. Za kusamukira ku IMAP, momwe maimelo amakhalabe pa seva, ndafunsa amene amatisungira maimelo kuti bokosi lililonse amapereka malo ochuluka bwanji ndi mtengo wake, ndikudikira yankho. Kopi yoyamba ija ya OSAGWIRA ikhala mu kabati mpaka maodita adutse, .bak ya pa laputopu ndifufuta mawa kuti eni laputopu apeze malo awo.